Nkhondo ya zidebe ndi sopo: chikumbutso cha Stanley Spencer ku Burghclere

M'mudzi wa Burghclere, m'chigawo cha Hampshire kumwera kwa England, muli kanyumba kopemphereramo ka njerwa zofiira kamene munthu wongodutsa pamsewu sangakaganizire kanthu. Kunja kwake n'kosakongoletsedwa, ndipo kumanja ndi kumanzere kwagundana tinyumba tiwiri timene tinamangidwira anthu osowa pokhala. Koma alendo amachokera kutali kudzalowa pakhomo pake, chifukwa makoma am'kati anakutidwa ndi zithunzi 19 zopenta pamanja mpaka kudenga, zonse za Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Malowa amatchedwa Sandham Memorial Chapel. Anajambula zonsezo ndi munthu mmodzi, Stanley Spencer, ndipo ntchitoyo inamudyera zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, n'kudzaimaliza mu 1932.

Munthu akamva kuti zithunzi za nkhondo amayembekezera utsi, mfuti, akavalo ali liwiro, mkulu wa asilikali ataloza kutsogolo ndi lupanga. M'zithunzi za Spencer mulibe amene akuwomba mfuti, ngakhale mmodzi. Mdani sakuoneka paliponse. Pa anthu ambirimbiri amene adzaza makomawo, ofisala ndi mmodzi yekha, nayenso akungowerenga mapu. Otsalawo akukolopa, akuchapa, akusankhula zovala zochapidwa, akuthira tiyi m'zigubu, akuyala mabedi, akupaka jamu pa buledi, akutunga madzi. Ndi nkhondo monga anaionera munthu amene ankatumidwa ndi aliyense, yemwe analibe womutuma.

Ine ndikuona kuti pa zikumbutso zonse zimene nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inasiya, chimenechi chili m'gulu la zonena zoona kwambiri, ngakhale kuti magazi saonekamo kwenikweni. Kuti zimveke bwino tiyambe ndi mwini wake.

Mnyamata wa ku Cookham

Stanley Spencer anabadwa mu 1891 ku Cookham, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Bambo ake ankaphunzitsa nyimbo ndi kuimba limba m'tchalitchi, ndipo Baibulo linkawerengedwa mokweza pakhomopo. Mwanayo anakula akuona nkhani za m'Baibulo ngati zinthu zoti zikhoza kuchitika mumsewu wa kwawo, ndipo ndi mmene anadzazijambulira moyo wake wonse. Kuyambira 1908 mpaka 1912 anaphunzira zojambula ku Slade School of Fine Art mu London, koma tsiku lililonse ankakwera sitima kubwerera kumudzi, mpaka anzake anangomupatsa dzina loti Cookham. Anali wamfupi, wochepa thupi, wolankhulalankhula.

Nkhondo itabuka sanathamangire kukalembetsa. Analowa mu 1915, m'gulu la zachipatala la asilikali lotchedwa Royal Army Medical Corps, n'kusiya m'chipinda mwake chithunzi chosamaliza cha Swan Upping. Anamutumiza ku Beaufort War Hospital mumzinda wa Bristol. Malowa anali chipatala cha odwala matenda a maganizo, ndipo boma linasamutsa odwala ambiri kuti mugone asilikali ovulala. Ena mwa odwala akalewo anatsala kuti azigwira ntchito zapamalopo. Spencer sanali dokotala kapena namwino. Anali wothandizira m'mawodi, munthu wapansi penipeni: wonyamula, wotsuka, wokhuthula, wokalipiridwa ndi sajeni m'mawa n'kukalipiridwanso ndi namwino masana.

Kwa munthu wozolowera bata la kumudzi, moyo umenewu unali wophwanya mtima. Chimene chinamugwira dzanja ndi ubwenzi wake ndi mnyamata wina wa ku Bristol, Desmond Chute, amene anamupatsa buku la Augustine Woyera lotchedwa Confessions. M'menemo Spencer anatolamo ganizo loti Mulungu mwini ndi wogwira ntchito kosalekeza, choncho kunyamula ndi kutsuka kukhoza kukhala kupembedza. Kuyambira pamenepo chidebe ndi chisanza sizinalinso chilango chokha kwa iye. Anayamba kuziyang'anitsitsa, ndipo zimene anaona m'miyezi imeneyo anazisunga m'mutu kwa zaka zoposa khumi.

Zimene zili pakhoma

Ukangolowa, chithunzi choyamba kumanzere chikuonetsa basi yopanda denga ikulowa pachipata cha chipatala, itadzaza asilikali omangidwa mabandeji ndi nsalu zoyera zokolekera mikono. Maluwa a m'mbali mwa msewu achita kuipanikiza, ndipo mlonda wa thupi lalikulu akutsegula zitseko zachitsulo, makiyi ali lende m'chiuno. Makiyiwo akukumbutsa chimene nyumbayo inali poyamba. Ovulala akulowa malo amene anamangidwa kuti wolowamo asatuluke mwakufuna kwake.

Pansi pake pali chithunzi chaching'ono chimene chimandikhudza kuposa zambiri. M'khonde lamdima munthu wagona chafufumimba, dzanja litatambasuka ndi chisanza cha thovu, akukolopa. Si wantchito. Ndi msilikali amene mutu wake unasokonezeka ndi kuphulika kwa mabomba, ndipo akupukuta pamalo pomwepo mobwerezabwereza, anthu ena akumudutsa ndi katundu wawo. Palibe bala looneka pathupi pake. Amene anakhalapo ndi m'bale wovutika maganizo sangafune kumufotokozera chimene chikuchitika apa.

Kenaka pakubwera malo osambira. Wina akutsukidwa tsitsi, wina akudzipukuta, wina akupakidwa ayodini pabala, ndipo wothandizira wina akupukuta mipopi kuti iwale. Kwina akusankhula zikwama za ongofika kumene. Kwina nsalu zochapidwa zaunjikana mulu, zoyera mbee. Pa chithunzi cha tiyi wa m'wodi, magawo a buledi wopaka jamu asanjikizana m'mbale, odwala atavala yunifolomu yabuluu ya kuchipatala, wina akudya, wina wangogona. Buledi ndi jamu chinali chakudya chapamtima cha Spencer mwini, ndipo anachijambula mosamala ngati mmene ojambula akale ankajambulira zovala za mafumu. Palinso china chovuta kuchiyang'ana: wothandizira atawerama kumapazi a wodwala, akupala khungu lakufa pa mapazi owonongeka ndi chisanu cha m'ngalande. Pa chithunzi choyala mabedi, wodwala wakhala pambali atadzikulunga bulangete, mapazi ali pa botolo la madzi otentha, ndipo khoma la kumutu kwa bedi ladzaza ndi tizithunzi ta abale. Pakati pa tizithunzito Spencer anaikapo ta anthu a m'banja lake.

Aliyense amene anadikirirapo wodwala m'chipatala cha boma kwathu kuno akhoza kuwerenga zithunzi zimenezi popanda womasulira. Amadziwa kudzuka mbandakucha kukaima pamzere wa madzi, kuchapa zofunda zoipitsidwa, kunyamula phala m'kontena, kutembenuza munthu amene sangathe kudzitembenuza. Amadziwanso kuti wodwala akachira, dzina lotchulidwa limakhala la dokotala. Spencer anatenga ntchito za mtundu umenewo n'kuzikweza pakhoma la nyumba ya Mulungu, pamalo pamene mwambo unkaikapo angelo ndi oyera mtima.

Pachithunzi chotsuka makabati, munthu wina wadzipanikiza pakati pa mabafa akuluakulu ofiirira, akukwecha. Ameneyo ndi Spencer. Kampata kameneko n'komwe ankapezako mtendere pang'ono, chifukwa panalibe womuona.

Nkhondo ya udzudzu

Mu 1916, ataphunzira zausilikali kumsasa wa Tweseldown, anamutumiza ku Macedonia ndi gulu lonyamula ovulala la 68th Field Ambulance. Chaka chotsatira anapempha yekha kulowa gulu lomenya nkhondo, ndipo anakakhala msilikali wamba mu 7th Battalion ya Royal Berkshire Regiment.

Bwalo la nkhondo limeneli ambiri analiiwala. Asilikali a Britain ndi France anatsikira padoko la Salonika mu October 1915 kuti akathandize dziko la Serbia, koma anafika mochedwa, n'kukhazikika m'mapiri moyang'anana ndi asilikali a Bulgaria kwa zaka pafupifupi zitatu. Kwawo ankanyozedwa kuti akungolima madimba pamene anzawo akutha ku France. Zoona zake n'zakuti ankakumba ngalande, kuswa miyala, kumanga misewu, kumenya nkhondo zoopsa kufupi ndi nyanja ya Doiran mu 1917 ndi 1918, ndi kudwala. Mdani wamkulu anali udzudzu. Kumbali ya asilikali a Britain yokha, kugonekedwa m'chipatala chifukwa cha malungo kunachitika maulendo oposa 160,000, chiwerengero choposa kutalitali cha ovulala ndi zipolopolo. Spencer nayenso anagwidwa nawo kangapo.

N'chifukwa chake pachithunzi cha kudzuka m'mawa, chinthu chachikulu ndi maneti. Asilikali akuvala ndi kumeta ndevu ali m'kati mwa maneti awo, udzudzu ukuzungulira kumtunda kwa tenti, ndipo anzawo akusuzumira kuchokera kunja ndi uthenga woti nkhondo yatha. Pachithunzi china akuotcha udzu mozungulira msasa kuti moto wolusa usawapeze. China, akutunga madzi pakasupe wa m'thanthwe, majasi awo amvula atatambasuka kumsana ngati mapiko. Pa chithunzi cha mapu paja, bwana ali pa kavalo watambasula pepala lake lalikulu, pamene anyamata ake amwazikana m'tchire kuthyola tizipatso, ena angodzigonera pa udzu. Zikuoneka poyera kumene mtima wa wojambula uli.

Pamwamba pa makoma awiri aatali pali zithunzi ziwiri zazitali, kuchokera kukhomo mpaka kuguwa. Chimodzi ndi msasa wa ku Karasuli m'mawa: akuphika, akunyamula miyala ya msewu, galu akununkhiza zitini, ndipo munthu wina akutola mapepala otayidwa powabaya ndi mpeni wa kumfuti. Chida chopangidwira kuboola mimba ya munthu chasanduka chotolera zinyalala. Chinacho ndi khwawa la mtsinje ku Todorovo, kumene ena akuchapa pamiyala, ena akusewera, ena akuyala timiyala pansi kupanga zizindikiro za magulu awo.

Anabwerera ku Cookham mu December 1918, malungo ali m'thupi, n'kupeza uthenga woti mkulu wake Sydney anaphedwa ku France miyezi itatu m'mbuyomo. Chithunzi cha Swan Upping chinali chikumudikira pomwe anachisiya. Anachimaliza, koma ananena poyera kuti mtima umene anachiyambira sunabwererenso.

Amene analipira

Boma la Britain linali ndi maganizo akeake a chikumbutso. Mu 1918 komiti ya British War Memorials Committee inaitanitsa zithunzi zikuluzikulu kwa akatswiri osiyanasiyana kuti zidzaikidwe m'nyumba yaikulu yotchedwa Hall of Remembrance. John Singer Sargent anajambula Gassed, chithunzi chotalika mamita opitirira 6, cha mzere wa asilikali ochititsidwa khungu ndi mpweya wa poizoni, aliyense atagwira phewa la mnzake. Paul Nash anajambula The Menin Road, dziko lophwasuka lotsala zitsa ndi zithaphwi. Spencer naye anapatsidwa gawo, ndipo mu 1919 anajambula nyulu zikukoka machira a ovulala kulowera pa windo lowala la tchalitchi chakale ku Smol, mmene madokotala ankachitiramo opaleshoni. Koma nyumba ija sinamangidwe. Zithunzizo zinakathera ku Imperial War Museum, kumene zili mpaka lero.

Chimene boma linalephera, banja limodzi linachita. Mu 1923 Spencer ankakhala kwa mnzake wojambula, Henry Lamb, ku Poole, ndipo kumeneko anayamba kulemba papepala mapulani a nyumba yonse yodzaza ndi zimene anaona kunkhondo. Analibe ndalama, analibe malo, panalibenso amene anamutuma. John Louis Behrend ndi mkazi wake Mary, anthu opeza bwino okhala ku Burghclere amene ankakonda kugula ntchito za ojambula achinyamata, anaona mapepalawo n'kunena kuti amanga nyumbayo. Apa zinthu zinayenda chobwerera. Nthawi zambiri khoma limayamba kukhalapo, wojambula n'kuitanidwa kudzalikongoletsa. Ku Burghclere zithunzi ndizo zinayamba, ndipo katswiri wa zomangamanga, Lionel Pearson, anachita kuyeza makoma motsatira zofuna za wojambula. Chitsanzo chimene Spencer anali nacho m'mutu chinali kachisi wa Scrovegni ku Padua, m'dziko la Italy, amene Giotto anamukuta ndi zithunzi za moyo wa Khristu zaka 600 m'mbuyomo.

Nyumbayo inadalitsidwa mu 1927 ndi dzina loti Oratory of All Souls, ndipo inaperekedwa kuti ikhale chikumbutso cha mlongo wake wa Mary Behrend, Lieutenant Henry Willoughby Sandham. Munthu ameneyu anagwira ntchito yausilikali ku Macedonia komweko, nabwerako wamoyo, koma anadzamwalira nkhondo itatha kale ndi matenda amene anawatenga kumeneko. Sanafe ndi chipolopolo, sanafenso pa nthawi yoti awerengedwe mosavuta pamodzi ndi ogwa pankhondo. Kwa mlongo wake, amene anamupha ndi nkhondo basi. Ndikuona kuti sipakanapezeka dzina lina loyenera makoma amenewa kuposa la munthu wotere, womwalira ndi matenda.

Spencer anasamukira ku Burghclere mu 1927 ndi mkazi wake Hilda Carline, amenenso anali wojambula, ndipo a Behrend anawamangira nyumba pafupi. Poyamba ankafuna kupenta pa pulasitala wamuwisi monga ankachitira Giotto, koma zinakanika, ndiye anagwiritsa ntchito penti wa mafuta pa chinsalu. Zithunzi 16 zing'onozing'ono zikhoza kuchotsedwa. Zitatu zikuluzikulu anazipenta pa chinsalu chomatidwa kukhoma, iye ali pamwamba pa nsanja, chaka ndi chaka, kuchokera m'mutu ndi m'mapepala ake.

Khoma la kuguwa

Zonse zija zimakutsogolera ku khoma limodzi. Kuseri kwa guwa, kuchokera pansi mpaka kudenga, pamtunda wa mamita pafupifupi 6, pali The Resurrection of the Soldiers, kuuka kwa asilikali. Linamutengera pafupifupi chaka chathunthu.

Chimene chimayamba kukugwira maso ndi mitanda. Mitanda yoyera yamatabwa, ya mtundu umene ankazika pamanda a kunkhondo, yaunjikana pansi penipeni pa chithunzi, pamwamba pa guwa lenilenilo, ngati ikufuna kugwera m'chipindamo. Anyamata akutuluka m'nthaka, aliyense ndi mtanda wake, ndipo popeza sakuufunanso akukautula. Ena akupatsana moni wapamanja ndi anzawo amene anaikidwa nawo pafupi. Wina akukulunga nsalu za m'miyendo. Wina akupukuta mabatani a malaya. Wina akudula waya waminga umene wakola mnzake. Wina akusisita fulu. Palibe lipenga, palibe mpando wachiweruzo, palibe olekanitsidwa kumanja ndi kumanzere. Anthu auka n'kupitiriza tintchito tomwe ankagwira, koma tsopano mopanda mantha.

Pakati penipeni pagona nyulu ziwiri zoyererako pamodzi ndi ngolo yophwasuka, nazonso zikudzuka, makosi atapotokera m'mbuyo. Spencer anaziona nyama zimenezi zikufa m'misewu ya ku Macedonia ndipo sanafune kuzisiya kunja kwa chiukitso. Pamwamba pa matabwa a ngoloyo mnyamata wagona chafufumimba, akuyang'anitsitsa kamtanda kokhala ndi chifanizo cha Khristu, ngati kuti tsopano ndi pamene akumvetsa chimene chinamuchitikira. Khristu mwiniyo uchita kumufunafuna. Ali kumtunda, patali, wamng'ono, atavala zoyera, atakhala pansi, akulandira mitanda imene asilikali akubwera nayo, monga mmene wosunga katundu wa gulu amalandirira zida ntchito ikatha.

Malo ake si kumwamba kwa mitambo. Ndi chigwa cha ku Kalinova, kumene Spencer anakhalako ndi gulu lake. Akufawo akuukira pamalo pomwe anagwera.

Kodi anabisa zoopsa?

Pali funso limene anthu akhala akufunsa, ndipo si lopusa. Nkhondo imene inapha asilikali oposa 9 miliyoni, kodi n'chilungamo kuikumbukira ndi buledi wa jamu? Kodi Spencer sanaphimbe chilonda ndi nsalu yokongola? Sargent ndi Nash anaonetsa khungu, matope ndi chiwonongeko, ndipo palibe angawanene kuti ananama. Ku Germany, Otto Dix anajambula mitembo yowola m'ngalande mosabisa kanthu, pofuna kuti woona achite nseru ndi nkhondo.

Yankho langa n'lakuti zoopsazo zilimo, koma zili m'mphepete, mmene zimakhalira m'mutu mwa munthu amene anapulumuka. Zili mwa mnyamata wokolopa uja. Zili m'mapazi opalidwa khungu. Zili pachithunzi cha m'ngalande, pamene asilikali akukonzeka m'mawa kudikira kuukiridwa, waya waminga utaunjikana pamwamba pawo ngati mtambo wakuda, ndipo ngalandezo zikufanana kale ndi manda. Zili m'kuchuluka kwa mitanda, chifukwa mtanda uliwonse ndi mwana wa munthu. Spencer ananyamula ovulala ndi manja ake, anaika maliro, anataya m'bale wake. Sanali munthu wosadziwa. Anasankha kujambula zimene zinamuthandiza kuti asapenge, ndipo iye mwini ankati anapeza kachigawo ka kumwamba m'kati mwa gehena ya nkhondo.

Palinso choona china chimene zithunzi za utsi ndi malupanga zimasiya. Masiku ambiri a msilikali sakhala omenyana. Amakhala odikira, onyamula, okumba, ochapa, odwala. Gulu lankhondo limayenda chifukwa wina watunga madzi ndipo wina waphika. Chipilala chamwala chimatha kusunga dzina la munthu ndi tsiku limene anafa. Makoma a ku Burghclere anasunga mmene munthuyo ankapindira bulangete lake.

Pamene ndingamudandaule Spencer ndi apa: eni dziko la Macedonia, amene midzi yawo inapsa ndipo minda yawo inasanduka misasa, sakuoneka kwenikweni m'nkhani yake. Mapiri awo alimo, mitsinje yawo ilimo, koma masautso awo mulibe. Anajambula zimene zinali pafupi ndi manja ake, ndipo malire a chikumbutso chake ndi omwewo.

Amtengatenga

Nkhondo yomweyi inafika kwathu, ndipo makolo athu anaitcha ya Chiwaya. Inayambira panyanja mu August 1914, pamene sitima ya Guendolen inakawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, ndipo mwezi wotsatira kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akukafera mkangano umene si wawo. Pofika 1918, amuna pafupifupi 19,000 a m'dziko la Nyasaland anali atalowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anali atagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mochita kugwidwa. Ankasenza chakudya, zipolopolo ndi machira a odwala kudutsa m'mapiri ndi m'madambo a Tanganyika ndi Mozambique, kumene nyama zonyamula katundu zinkafa ndi kashembe ndipo magalimoto sankadutsa. Ochuluka mwa amene sanabwerere anafa ndi njala, kamwazi, malungo ndi chibayo.

Anthu amenewa ankagwira ntchito ya mtundu womwewo umene Spencer anaukweza pakhoma, pansi pa mbendera yomweyo, ndipo ankafa imfa ya mtundu wa Sandham. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo analibe mlongo wachuma womangira nyumba, ndipo boma limene linawatuma silinasamale ngakhale kusunga mayina awo. Chipilala cha ku Zomba chili ndi mayina a asilikali a King's African Rifles. Ku Dar es Salaam, chipilala cha Askari chinatsegulidwa mu 1927, chaka chomwe nyumba ya ku Burghclere inadalitsidwa, ndipo chimatchula onyamula katundu monga gulu, popanda dzina la munthu. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera, n'kupepesa, kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ena sanakumbukiridwe n'komwe.

Mayina ambiri mwa amenewo sadzapezekanso. Koma zimene Spencer anachita zikusonyeza kuti dzina si njira yokhayo yokumbukirira munthu. Nkhope zambiri za pamakoma ake zilibe mayina, ndipo zina n'zotembenukira kumbali. Chimene chikuwadziwikitsa ndi ntchito ili m'manja mwawo. Mwezi wa November uliwonse timaika nkhata za maluwa pazipilala ku Zomba ndi ku Lilongwe, malipenga n'kulira, ndipo n'koyenera kutero. Koma ndimalakalaka khoma limodzi lalikulu m'dziko muno, loperekedwa kwa mmodzi wa ojambula athu pamodzi ndi nthawi yokwanira ndi malipiro oyenera, pamene pangaoneke nkhata ya udzu pamutu, mtolo wa ufa, mapazi ong'ambika, moto wa usiku pamsasa, ndi mayi wotsala kumudzi akulima yekha munda wa anthu awiri. A Behrend anadikira zaka zisanu ndi zinayi kuchokera pamene anaona mapepala aja kufikira chithunzi chomaliza. Ntchito yotere siitheka ndi bajeti ya mwambo wa tsiku limodzi.

Zaka zotsatira

Atamaliza mu 1932, Spencer anabwerera ku Cookham, ndipo moyo wake unalowa m'mavuto a banja ndi ngongole amene anamutsata zaka zambiri. Nkhondo yachiwiri itabuka, boma linamutumanso kukajambula, ulendo uno kumalo opangira sitima zapamadzi a Lithgows ku Port Glasgow, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland. Kumenekonso maso ake sanapite pa sitima zomalizidwa koma pa owotcherera zitsulo, okhoma misomali ndi opinda mapaipi, aliyense atadzipinda m'kampata kake ndi chida chake. Anapatsidwa ulemu wa Sir mu 1959, n'kumwalira mu December chaka chomwecho ali ndi zaka 68.

A Behrend anapereka nyumba ija ku bungwe la National Trust mu 1947, ndipo ndilo likuisamala mpaka pano. Mu 2013 ndi 2014, pamene nyumbayo inkakonzedwa pokonzekera zaka 100 chiyambireni nkhondo, zithunzi 16 zochotseka zija zinatengedwa kukaonetsedwa ku Somerset House mu London ndi ku Pallant House Gallery mu Chichester, ndipo anthu ambiri amene anali asanamvepo za Burghclere anaziona koyamba. Zitatu zikuluzikulu sizinapite nawo chifukwa n'zomatidwa kukhoma. Wofuna kuona msasa wa ku Karasuli, khwawa la ku Todorovo ndi kuuka kwa asilikali ayenera kupita yekha kumudziko, makilomita ochepa kumwera kwa tauni ya Newbury, ndipo ndi bwino kusankha tsiku lopanda mitambo, popeza zithunzizo zimadalira kwambiri kuwala kolowera pawindo.